Uthenga Sudafike Kudoko

Ana anga, Tadala ndi Yamikani, satifiketi ija mwakula mukuiona pakhoma la pabalaza ndaichotsa. Musadzavutike kuifunafuna, ili pansi pa sutikesi yanga yakale. Amene adandipatsa adati ndidapulumutsa mudzi ku madzi osefukira, ndipo sadaname. Koma pali mayi mmodzi amene sindidamupulumutse, ndipo atamwalira ndidamunamizira. Ndalemba mutu uno kuti nkhaniyi muimve kwa ine mwini, osati kwa anthu apamsika.

Benga, zaka zisanu zoyambirira

Ntchito ya ulangizi wa chitukuko ndidaiyambira ku Benga. Ndidafika ndi sutikesi, mbaula, ndi pakamwa pomwe mumapadziwa. Ofesi yathu idali kachipinda kuseri kwa golosale, tebulo lake la miyendo itatu, mwendo wachinayi uli njerwa. Njinga idalipo imodzi ya anthu awiri, ndipo mabuleki ake adali mapazi a wokwerayo. Bwana wanga woyamba adali a Zimba, bambo wachikulire wosachedwa kuseka, amene adagwira ntchitoyi kuyambira ine ndisadabadwe. Mwezi wanga woyamba ndidaitanitsa msonkhano wa zimbudzi. Ndidalemba makalata asanu ndi atatu, ndidadinda chidindo, ndidawapereka ndekha m'midzi. Tsiku litafika kudabwera anthu anayi, ndipo mmodzi mwa iwo adali woledzera amene adangotsatira mthunzi wa mtengo. Ndidabwerera ku ofesi ndikutukwana njira yonse. Ndidauza a Zimba kuti anthu a kuno safuna chitukuko, boma likungotaya nthawi.

A Zimba sadanditsutse. Patapita sabata adangoti nditenge chitenje, tikupita kumaliro. Munthuyo adamwalira mbandakucha, koma pofika masana pabwalo padalibe poponda. Amayi adali atafika ndi ufa ndi nkhuni, amuna ena ali kumanda, ena akumanga chisakasa.

"Wawaitana ndani anthu onsewa?" adandifunsa a Zimba.

"Sindikudziwa, bwana."

"Kalata mwaiona? Chidindo?"

"Ayi."

"Adzukulu, okumba manda aja, ndi amene ayenda. Aliyense akudziwa makomo ake ogogoda, ndipo salumpha khomo ngakhale la mdani wake. Mwana wanga, boma limaitana ndi kalata, mudzi umaitana ndi maliro. Ukafuna kudziwa malire a mudzi, tsata uthenga wa maliro. Pomwe wathera, mudzinso wathera pomwepo."

Mawu amenewa ndidawasunga ngati ndalama yomangidwa pa chitenje. Ndidagwira mbali yake yokoma, yoti uthenga wa maliro umathamanga. Mbali inayo, yoti uli ndi pothera, sindidaiganizire n'komwe.

Nkhunga, zaka khumi ndi ziwiri

Ku Nkhunga n'kumene ndidakwatiwa ndi bambo anu, ndipo nonse awiri mudabadwira kumeneko. Zosowa zidali zomwe zija. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa makalendala akale. Njinga yamoto adatipatsa, koma mafuta ankabwera ngati mlamu wa kutauni, kamodzi pa chaka. Chaka china kutabuka matenda otsegula m'mimba, ndidakumbukira a Zimba. M'malo molemba makalata ndidapita kwa akuluakulu a adzukulu m'midzi inayi, ndidawapempha kuti anyamule uthenga wa mankhwala othira m'madzi monga amanyamulira wa maliro. Poyamba adakana, ati tidzawopseza anthu. Kenako adavomera, ndipo dzuwa lisadalowe khomo lililonse lidali litamva. Ku boma adandiyamikira, ineyo mutu udakula. Anzanga a ku ofesi adandipatsa dzina loti a Ndathakale, chifukwa munthu asadamalize kufotokoza vuto ndinkamudula pakamwa n'kuti zimenezo ndathana nazo kale. Dzinalo ndinkalikonda, ndipo apa mpamene mungaonere mtundu wa munthu amene ndidali.

Liwaladzi, chaka choyamba

Bambo anu atamwalira adandisamutsira ku Liwaladzi. Inu mudali kusukulu yogonera konko, ndiye zambiri za kumeneko simudazione. Mudzi womwe ndinkagwiramo kwambiri, umene sindiutchula dzina, uli pakati pa msewu waukulu ndi nyanja, m'mbali mwa mtsinje wochokera kumapiri. Mvula ikagwa yambiri kumtunda, madzi amatsika mwadzidzidzi ngakhale kunyanja kuli ng'amba. Anthu ankataya mbuzi, mpunga, nthawi zina nyumba. Boma lidaganiza zoti midzi yotere izikonzekeratu, ndipo alangizi tidaitanidwa ku boma kukaphunzira sabata yathunthu. Adatiphunzitsa kupanga komiti, kujambula mapu a mudzi, kusankha malo okwera othawirako, ndi kukonza njira yochenjezera anthu. Pobwerera adandipatsa mawenzulo asanu ndi limodzi, onga oimbira mpira aja, chimkuzamawu chopanda mabatire, ndi magambutsi awiri a mwendo wakumanzere okhaokha.

Bwana wanga pa nthawiyo adali a Phiri, wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, wophunzira kwambiri, wokonda malipoti oyera. Sadali munthu woipa, ndipo sindikufuna kuti mudzawerenge mutu uno n'kusenzetsa iwo katundu wanga. Nditawauza kuti chenjezo la madzi ndiliyendetsa m'njira ya uthenga wa maliro, adaomba m'manja.

"Mayi, zimenezi n'zimene timafuna," adatero. "Osabweretsa zachilendo, kumanga pa zomwe anthu ali nazo kale."

Wapampando wa komiti tidasankha a Twaibu, telala wa m'mudzimo, yemwenso adali mkulu wa adzukulu. Adali munthu wofatsa, wa kumzikiti, ndipo m'mudzimo Asilamu ndi Akhristu ankakumbirana manda popanda kufunsana za chipembedzo. Tidakumana pabwalo la sukulu, lomwe lili pa chitunda. Tidajambula mapu pansi ndi phulusa. Mtsinje tidauika, msewu, mjigo, manda, ndi khwawa lakale lomwe mtsinjewo udasiya kalekale, limene anthu adalisandutsa minda ya mpunga. Nyumba iliyonse tinkaika kamwala. Mudziwo udali ndi malimana asanu ndi limodzi, ndiye kuti magulu a nyumba za pachibale, ndipo limana lililonse lidali ndi mdzukulu wake wonyamula uthenga. Malimana asanu ndi limodzi, mawenzulo asanu ndi limodzi. Ndidaona ngati Mulungu yemwe wandiwerengera.

Titatsala pang'ono kumaliza, mayi wina adatola tizigoba ta nkhono n'kutindandalika kutsidya kwa khwawa, m'mphepete mwa nyanja.

"Nanga a kudoko?" adafunsa.

Kudoko kudali mabanja a asodzi ochokera kumpoto. Nyumba zawo zina zidali za udzu, zina za njerwa ndithu, zitazunguliridwa ndi mathandala oyanikapo usipa. Ana awo ankaphunzira pasukulu yomweyo imene tidakhalapo.

"Aja ndi alendo, Mayi," adatero a Twaibu, mopanda nkhanza iliyonse. "Wawo akamwalira amamunyamula kukamuika kwawo. Kuno alibe manda. Ndiye uthenga wathu sufika kumeneko, umathera pa khwawa."

"Akhala zaka zingati kuno?" ndidafunsa.

"Ine pokwatira ndidawapeza ali pomwepo."

Anthu adaseka, chifukwa a Twaibu adali kale ndi zidzukulu. Wina kumbuyo adaponya mwambi woti mlendo ndi mame, ndipo tidasekanso. Ana anga, pamenepa mpamene ndikadayankhula. Ndidali ndi pakamwa poti ndikadatha kuwatembenuza onse mphindi zisanu zisadathe. Koma ndidawerenga mawenzulo m'thumba, ndidayang'ana pepala langa lalikulu lomwe ndinkakoperapo mapuwo, ndidaona kuti pepalalo lathera pa khwawa penipeni. Kuti ndiike doko ndikadayenera kuyambanso kujambula, ndipo pepala lidali lomwelo. Ndidati a kudoko tidzawaganizira gawo lachiwiri. Podzuka ndidaponda tizigoba tija osadziwa, ndidangomva kuti phwa pansi pa nsapato.

Munthu amene ndinkamudziwa bwino kudoko adali NyaKaunda, mkazi wa a Mhone, mwini bwato. Adali mayi wonenepa, wa mpata kumano, woseka mokweza moti unkamumva usadamuone. Loweruka lililonse ndinkagula usipa kwa iye, ndipo sankalephera kundiikira basela. Patapita masabata awiri chigawireni mawenzulo, adandifunsa akundiyezera usipa.

"Ama alangizi, tikumva mwagawa mawenzulo kumudzi. Wathu ali kuti?"

"Atha, NyaKaunda. Akabwera ena muli oyamba."

"Nanga madzi akabwera mawenzulo asanabwere, ife timva bwanji?"

"Inu a kudoko mukuopa madzi? Si muli ndi mabwato? Madzi ndi abale anu."

Adaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Bwato ndi la amuna, Ama. Ine ndine wa kumapiri, kunyanja kuno ndidabwera ndi ukwati. Kusambira sindidziwa, ndikalowa m'madzi ndimamira ngati nkhwangwa."

Ndidaseka naye. Adandiikira basela, ndidati zikomo, ndidakwera njinga. Ndikakumbukira kuseka kwanga kwa tsiku limenelo, mpaka lero ndimafuna kubisa nkhope.

Mvula isadayambe tidayeserera kawiri. Zidayenda ngati ukwati wokonzedwa bwino. Wa komiti ya mudzi wa kumtunda akaona mtsinje ukudzaza aimbe foni kwa a Twaibu, a Twaibu aimbe wenzulo katatu, adzukulu ayankhe ndi awo n'kuthamanga khomo ndi khomo, aliyense akwere kusukulu, ine ndiitane mayina m'kaundula. Pakhoma la sukulu tidalembapo ndi penti kuti wakutsina khutu ndi mnansi. A kudoko ankationerera patali tikuthamanga ndi mphasa pamutu, ndipo palibe adapita kukawafotokozera chimene tinkachita.

Liwaladzi, Febuluwale wa chaka chachitatu

Zaka ziwiri madzi sadavute. Wenzulo wachisanu ndi chiwiri sadabwere, ndipo ine sindidafunsenso. Tsiku lomwe ndikufuna mulidziwe kudacha bwino, dzuwa lili phwee, kumapiri kokha n'kumene kudali kwakuda bii. Cha m'ma eyiti foni ya a Twaibu idalira. Ine ndidali pa mjigo ndi amayi pamene ndidamva wenzulo katatu, kenako ena akuyankha uku ndi uku. Adzukulu adathamanga monga tidawaphunzitsira. Anthu adatuluka ndi mbuzi, nkhuku m'madengu, matumba a mpunga wa mbewu, okalamba ali pa njinga. A Twaibu adasenza makina awo osokera pamutu. Pasadathe maola awiri mudzi wonse udali pa chitunda. Ndidaima pa khonde la sukulu ndi kaundula wanga, ndidaitana banja ndi banja, ndipo lililonse lidayankha. Nditatseka bukulo amayi adaimba nthungululu, ena adandikumbatira. Ndidanyada kwambiri, sindibisa.

Madzi adafika dzuwa lisadafike pamutu. Tidayamba kumva mkokomo ngati malole ambiri akubwera pamodzi. Mtsinje udadzaza, udaswa gombe kumtunda kwa mudzi, ndipo m'malo motsata njira yake udalowa m'khwawa lakale lija. Akuluakulu sadaname kuti madzi saiwala khwawa. Tili chiimire tidaona minda ya mpunga ikusanduka mtsinje wofiira, wonyamula mitengo ndi nthochi zathunthu, ukulunjika kunyanja. Pamenepo mayi yemwe uja adaika tizigoba pa mapu adandigwira mkono.

"Alangizi, nanga a kudoko?"

Funso lomwe lija, mawu omwe aja.  Ndidayang'ana a Twaibu, iwo adayang'ana pansi. Padalibenso njira yowolokera, khwawa lidali litatilekanitsa.

Zomwe zidachitika kutsidyako ndidazimva pambuyo pake. Amuna ambiri adali m'tulo, atachezera kunyanja ndi maukonde. Amayi adali pa mathandala, akuyanika usipa poti dzuwa lidali labwino. Mawenzulo adawamva patali, ndipo adzukulu adawaona akuthamanga makomo. Adati kumudzi kwagwa maliro, tikapepesa masana tikamaliza kuyanika, popeza ngakhale uthenga sunkawafika, akamva mphekesera ankapita ndithu ndi lichero la usipa. Madzi atalowa m'nyumba, amuna adadzuka n'kuponya ana ndi akazi m'mabwato. Onse adapulumuka kupatula mmodzi. NyaKaunda adali ndi kamunda ka mpunga m'khwawa muja, komwe adabwereka kwa banja lina la m'mudzi. Adalawirira kukapalira. Eni minda yoyandikana naye sadapite tsiku limenelo, kapena adathawa atamva wenzulo, ndipo iye adatsala yekha, ataweramira mpunga wake. Adamupeza m'mawa mwake m'bango, pomwe khwawa limathirira m'nyanja.

Masiku awiri otsatira

Bwana Phiri adafika pa njinga yamoto tsiku lomwe mtembo udapezeka. Msewu wochokera ku boma udali bwino, koma wopita kumpoto udali utaduka, madzi atakokolola mbali ya mlatho. Adayendera anthu m'makalasi momwe ankagona, adagwira chanza a Twaibu ndi adzukulu onse, nkhope ili yowala. M'midzi ina momwe mudalibe makomiti zinthu zidali zitaipa kwambiri. M'mawa wa tsiku lachiwiri tidakhala awiri mu ofesi ya ahedi kuti tilembe lipoti. Poyamba ndidanena zoona. Ndidati a kudoko sadali pa mapu, sadali m'kaundula, ndipo palibe adapita kukawauza.

A Phiri adazunguza cholembera.

"Wenzulo adamveka kudoko?" adafunsa.

"Akuti adamumva patali, bwana. Koma sankadziwa tanthauzo lake."

"Ngati adamumva, ndiye kuti adachenjezedwa."

"Bwana, adayesa ndi maliro."

"Mayi, tamverani. Tikalemba kuti komiti idasiya anthu dala, a Twaibu ndi adzukulu awa, amene apulumutsa mudzi wonse, adzatchedwa akupha. A kudoko ndi a kumudzi adzadana mpaka kalekale. Midzi ina ikudikira kuti njira yanuyi ifike kwawo, ndipo akuluakulu akamva kuti ili ndi bowo adzaiimika. Malemuwa sadzuka ngakhale tilembe chiyani. Ndiponso inu mwatsala ndi zaka zochepa kuti mupume. Mukufuna kutuluka ndi dzina lotani?"

Zina mwa zomwe adanenazo zidali zoona, ndipo kwa zaka zambiri ndidabisala kuseri kwake. Ndinkadziuza kuti ndidateteza a Twaibu, ndidateteza mtendere, ndidateteza midzi ina. Bodza. Chimene chidandigwira ndi funso lomaliza lija. A Ndathakale sakadapirira kuti anthu adziwe kuti adasiya mabanja onse aja chifukwa pepala lidachepa. A Phiri sadandigwire dzanja, sadandiopseze. Adatuluka kukayankha foni, ndipo ndili ndekha ndidalemba ndi dzanja langali kuti mayi mmodzi wa kudoko adachenjezedwa koma adakana kusamuka. Ndidasaina pansi pake.

Masana a tsiku lomwelo tidamuika. A Mhone adayesetsa kuti amutengere kwawo monga mwa mwambo wawo, koma galimoto sikadadutsa, nyanja idali yolusa, ndipo mtembo wokhala m'madzi sudikira. A Twaibu adapita okha kwa amfumu kukapempha malo kumanda a m'mudzi, ndipo adagwira khasu iwo eni ngakhale adali okalamba. Dothi lidali lonyowa, dzenje linkangodzaza madzi, adzukulu ankakapa ndi ndowa. Mudzi wonse udabwera. A kudoko adaimba nyimbo za kwawo, ife tidangong'ung'udza posadziwa mawu. Atatha kukwirira, a Mhone adapatsidwa mpata woyankhula. Adali bambo wamtali, wowonda, wosakonda mawu ambiri. Adathokoza amfumu, adathokoza adzukulu mmodzimmodzi. Kenako adandifunafuna ndi maso pakati pa amayi mpaka adandipeza.

"Ama alangizi," adatero, mawu ali pansipansi. "Tidamva kuti m'buku mwanu mumalowa anthu amene ali ndi manda kuno. Ife tidalibe, n'chifukwa chake sitidadandaule. Lero manda ndi awa. Tilembeni."

 Ndidalakalaka dzenje lija likadakhala langa. Lipoti lidali m'chikwama chomwe ndidapanira kukhwapa, inki isadaume bwino, ndipo ndikadatha kulitulutsa n'kuling'amba pomwepo. Ndidangoti, "Tamva, bambo," ndipo madzulo ake ndidalipereka kwa a Phiri.

Zaka zotsala za ntchito

Sabata yotsatira ndidalemba mabanja onse a kudoko m'kaundula. Ndidamata pepala lina m'mphepete mwa mapu kuti doko likwane. Wenzulo wachisanu ndi chiwiri ndidakagula ndekha m'sitolo ya ku boma, ndipo mtengo wake sudapose wa mulu umodzi wa usipa. Zaka ziwiri ndidadikira boma kuti lindipatse chinthu chimene ndikadagula Loweruka lililonse. A Twaibu adasankha mdzukulu woti aziwoloka khwawa, ndipo kuyambira pamenepo uthenga uliwonse, wa madzi kapena wa maliro, umafika kudoko.

Njira yathu idatchuka. Adanditenga kukaphunzitsa alangizi a madera ena, ndidagona m'mahotela, ndidalandira satifiketi ija anthu akuomba m'manja. Pa misonkhano yotere a Phiri ankakonda kumaliza ndi chitsanzo. Ankati m'mudzi uja onse omvera adapulumuka, adafa ndi mayi mmodzi yekha wosamva, ndiye anthu aphunzirepo. Ine ndinkakhala pambali pawo, ndikuyang'ana botolo la madzi. Nkhaniyo idabwerera kumudzi, ndipo anthu adailandira msanga, chifukwa idali yopepuka kusenza kuposa inayo. Ngakhale amene adali pa chitunda tsiku lija, amene adaona ndi maso kuti palibe adawoloka khwawa, adayamba kunena kuti malemu adauzidwa koma adaumirira mpunga. NyaKaunda adasiya mwana wamkazi, Tiwonge, wa zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lina pa mjigo ndidamva mayi wina akumukalipira chifukwa cholowerera mzere, akuti, "Ndiwe wosamva ngati mayi ako." Mwanayo adangotola ndowa yake n'kubwerera kumapeto. Ine wa pakamwa uja ndidapitiriza kutsuka chidebe changa.

Nditapuma ntchito

Mudadabwa nditamanga nyumba yopumira ku Liwaladzi m'malo mobwerera kwathu. Ndidakuuzani kuti ndimakonda nsomba. Zoona zake n'zakuti sindikadatha kuchoka, komanso sindinkatha kuwoloka khwawa. Usipa ndinkatuma anthu kukandigulira. Chaka chatha, a Twaibu atamwalira, ndidaona kuti odziwa zoona tikutha. M'mawa wina ndidavala nsapato zanga n'kupita kudoko. A Mhone ndidawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde, tsitsi lonse litayera. Adandipatsa mpando, tidalonjerana, ndipo ndidawauza zonse, za pepala, za wenzulo, za lipoti, ndi mawu enieni amene ndidalemba. Sadasiye kusoka mpaka ndidamaliza.

"Ama, mwabwera kudzauza munthu wolakwika," adatero. "Ine ndikudziwa kuti uthenga sudafike, ndidalipo. Mkazi wanga ndikumudziwa, akadamva kuti kukubwera madzi akadathamanga kuposa mbuzi zanu. Osadziwa ndi a kumudzi, amene adasankha kuiwala, ndi a ku boma. Bodza mudalinena pagulu. Choona mukufuna kuchinena pansi pa mtengo?"

Ndidabwerera manyazi atandifika m'mafupa, koma ndidadziwa chochita. Chaka chilichonse mvula isadayambe mudzi umayesererabe, ndipo anthu onse amakwera kusukulu, a kudoko omwe. Novembala wapitayu, mayina atatha kuitanidwa, ndidapempha chimkuzamawu kwa mlangizi watsopano. Adandipatsa mokondwa, akuganiza kuti ndiwalimbikitsa. Ndidayamba kuyankhula. Ndidati NyaKaunda sadakane kusamuka. Ndidati adandipempha wenzulo ine ndidamuseka. Ndidati palibe adamuuza, chifukwa ine ndidavomera kuti mudzi uthere pa khwawa, ndipo bodza loti adali wosamva ndidalilemba ndine. Palibe adaomba m'manja. Amayi ena achikulire adaphimba nkhope ndi zitenje. Mayi uja wa tizigoba, yemwe tsopano amayenda ndi ndodo, adati mokweza, "Ndi zoona, tonse tidalipo."

Tiwonge tsopano ndi mayi wa ana awiri, ndipo mpata wa kumano ndi wa mayi ake. Anthu akubalalika adabwera pomwe ndidaima. Sadandipatse moni.

"Lipoti la ku boma lija mwasintha?" adafunsa.

Ndidati ndidalemba kalata yopempha kuti likonzedwe, koma sadandiyankhe, ndipo nditapitako adati mafayilo a zaka zimenezo sakudziwa komwe ali.

"Ndiye kuti kumeneko amayi akadali osamva," adatero, n'kunyamula mwana wake kumapita.

Sadandikhululukire, ndipo sindidamupemphe kutero. Mutu uno ndiwo lipoti lomwe ndidayenera kulemba mu ofesi ya ahedi muja. Mukadzautayipa, kope limodzi mukapereke kwa Tiwonge, lina ku ofesi ya ku boma, ngakhale akaliike pansi pa mwendo wa tebulo.

Chomaliza n'chakuti ndapempha kale malo kumanda a m'mudzi muno, ndipo andilola. Tsiku langa likadzafika, musadzayambe ndi mafoni a ku Lilongwe kapena a kumpingo. Mukadzaitane mdzukulu wowoloka khwawa uja, mudzamuuze kuti uthenga wa maliro anga ukayambire kudoko, pakhomo pa Tiwonge. Akadzabwera, mudzamuyalire mphasa. Akadzapanda kubwera, pasadzapezeke wonena kuti ndi wosamva.